Kodi okonza ndandanda wa magemu a NHL amawaganizirako matimu akutali?

Mphepo_ya_Winnipeg
Abale anga pagulu pano, makamaka inu amene hockey ya pa ayezi inakulowani m'magazi, ndithandizeni maganizo. Sizoni ino ya 2025-26 ndandanda wa magemu a NHL, ligi ya hockey ya ku Canada ndi America, ukundiwawa. Timu ikusewera usiku mzinda uwu, pakati pa usiku ikukwera ndege, mawa lake ikulowanso m'bwalo mzinda wina kukakumana ndi anzawo amene akhala akupuma pakhomo masiku awiri. Pamenepo tinganene kuti apikisana mofanana? Matimu atatu a m'dera la New York, Rangers, Islanders ndi Devils, akamayenderana amakwera basi, gemu ikatha aliyense amakagona kunyumba kwake. Ife kuno ku Winnipeg mnansi wathu wapafupi ndi Minnesota, mtunda wa makilomita oposa 600. Amakonza zimenezi ndani, ndipo amatsata chiyani?

Tsabola_wa_Kambuzi
Achimwene, timu yanu ya Winnipeg Jets yomweyo sizoni ya 2024-25 inathera pamwamba pa ligi yonse ndi mapointi 116. Ndege zake sizinali zomwezi?

Mphepo_ya_Winnipeg
Inathera pamwamba, eya, koma itafika mu playoffs, magemu ochotsana olimbirana chikho kumapeto kwa sizoni, inatulutsidwa ndi Dallas m'ndime yachiwiri. Ine ndimakhulupirira kuti kutopa kwa miyezi isanu ndi umodzi kumadzaonekera mu Meyi.

Kabwazi_wa_Calgary
Ndiyambe ndi masamu ake, chifukwa ambiri timadandaula tisanaone mmene chinthucho chinamangidwira. Ligi ili ndi matimu 32, asanu ndi awiri ku Canada, 25 ku America. Anawagawa m'zigawo ziwiri zikuluzikulu, chakum'mawa ndi chakumadzulo, ndipo chilichonse chili ndi magulu awiri a matimu asanu ndi atatu: Atlantic ndi Metropolitan kum'mawa, Central ndi Pacific kumadzulo. Mu sizoni ya 2025-26 timu iliyonse ili ndi magemu 82, theka pakhomo theka koyenda. Onse pamodzi ndi magemu 1,312, kuyambira Okutobala mpaka pakati pa Epulo.

Mwa magemu 82 amenewo, 26 mumasewera ndi a m'gulu lanu, 24 ndi a gulu linalo la m'chigawo chanu, 32 ndi a chigawo chinacho, kamodzi kwanu kamodzi kwawo. Apa ndiye pali gwero la ulendo wautali. Ligi inasankha kuti timu iliyonse izifika m'bwalo lililonse chaka chilichonse, kuti wokhala ku Florida amuone katswiri wa Edmonton Connor McDavid ndi maso ake, wa ku Vancouver amuonenso Sidney Crosby wa Pittsburgh. Ndiye Vancouver iyenera kukafika mizinda 16 ya kum'mawa. Rangers nayo imapita kumadzulo maulendo 16 omwewo, koma magemu ake ena onse koyenda ali pafupi, m'mizinda imene wotchi yake ndi yofanana ndi ya ku New York. Vancouver ngakhale a m'chigawo chake ali kutali: Dallas, Nashville, Chicago, St. Louis. Palibe kompyuta ingafupikitse mtunda umenewo.

NaBanda_YEG
Akulu a ku Calgary afotokoza bwino, koma asiyapo chachikulu: mabwalo. Mabwalo amenewa si a hockey yokha. Madison Square Garden wa ku New York ndi wa Rangers ndi Knicks a basketball, kuonjezera oimba. Ku Toronto, Leafs amagawana bwalo ndi Raptors a basketball. Timu iliyonse imatumiza ku ligi masiku amene bwalo lake lili mpata, ndipo okonza ndandanda amayambira pamenepo. Chicago Blackhawks kwa zaka zambiri ankachoka pakhomo mu Novembala aliyense chifukwa bwalo lawo linkalowa anthu a zionetsero za nyama ndi zamatsenga aja. Los Angeles Kings amasamuka mwambo wa mphoto za Grammy ukamachitikira m'bwalo mwawo. Mu 2010, Vancouver Canucks inasewera magemu 14 otsatizana koyenda chifukwa bwalo lawo linatengedwa ndi Olympics. Ngakhale a ku New York mukuwasirirawo, Islanders anayamba sizoni ya 2021-22 ndi magemu 13 otsatizana koyenda podikira kuti bwalo lawo latsopano la UBS Arena lithe kumangidwa.

Tsabola_wa_Kambuzi
Ndipo chaka chimenecho Islanders sanalowe n'komwe mu playoffs, pamene zaka ziwiri zam'mbuyo ankafika ndime ya matimu anayi. Apa ndiye ndikuvomerezana nanu achimwene a ku Winnipeg, ndandanda imatha kupha sizoni.

Dzuwa_la_Salima
Pepani ndilowerere, ine ndili kumudzi kuno ndipo hockey imene ndikuidziwa ndi ya pa kapinga ija ya kusukulu. Magemu 82 munthu mmodzi? Mpira wathu wa miyendo ligi yonse ndi magemu 30 koma osewera amadandaula kale. Awa matupi awo ndi achitsulo?

Kabwazi_wa_Calgary
Funso labwino achimwene. Kusiyana kwake n'kwakuti pa ayezi munthu sakhala m'bwalo gemu yonse. Gemu ndi mphindi 60, zigawo zitatu za mphindi 20. Timu imavala osewera 18 ndi magoloboyi awiri, koma pa ayezi pamakhala asanu ndi goloboyi mmodzi. Amasinthana mpira uli mkati, munthu amathamanga mwina osakwana mphindi imodzi n'kutuluka kukapuma. Wosewera wodalirika amathera mphindi 20 kapena 25 pa ayezi usiku wonse. Koma musaone ngati n'zopepuka, amawombana ndi kumenyetsana kukhoma ali pa liwiro lalikulu. Amene sapuma ndi goloboyi, n'chifukwa chake pa magemu a masiku otsatizana makochi ambiri amaika goloboyi wachiwiri pa gemu imodzi.

Mphepo_ya_Winnipeg
Ndiye mwafika pa mfundo yanga. Munthu wagula tikiti yodula, akupeza pagolo pali wachiwiri, anyamata miyendo yalemera. Wagulitsidwa katundu wosakwana.

Mlonda_wa_Leeds
Inu mukudandaula ndege, ife kuno tikudandaula tulo. Gemu yoyamba 7 koloko madzulo ku Toronto kuno imakhala 12 koloko usiku. Kwa achimwene a ku Salima imakhala 2 koloko m'bandakucha. Za ku Vancouver ndiye zimayamba kuno 3 koloko. Ine ndimagwira ntchito usiku, ndiye ndimatsatira pa foni nthawi yopuma, koma mwana wa ku Sweden kapena ku Finland amene akufuna kuonera wosewera wakwawo atani? Ligi imanena kuti ikufuna kukula ku Ulaya, koma magemu a masana amene tingaonere bwino kuno ndi ochepa kwambiri.

NaBanda_YEG
Amayesako. Mu Novembala 2023 anatengera Toronto, Detroit, Ottawa ndi Minnesota ku Stockholm. Koma taonani, zimenezo zimadya masiku. Timu ikapita ku Ulaya imafunika masiku opuma isananyamuke ndi ikabwerako, ndiye magemu ena amapanikizana kutsogolo.

Mlonda_wa_Leeds
Sindikupempha kuti abwere kuno achemwali. Angosuntha magemu ena a Loweruka ndi Lamlungu kuti azichitika masana.

AnkoloJo
Ana anga, ine ndinafika ku Ontario Gary Bettman asanakhale pampando wa mkulu wa ligi, ndiye ndiloleni ndinene. Loweruka usiku ku Canada simungalikhudze. Pulogalamu youlutsa magemu ya Hockey Night in Canada ndi mwambo, unayamba pa wailesi, pa kanema unafika mu 1952. Gemu yoyamba 7 koloko ya kum'mawa, yachiwiri ya kumadzulo 10 koloko. Ndipo si mwambo wokha, ndi ndalama. Mu 2013 kampani ya Rogers inalonjeza madola a ku Canada 5.2 biliyoni pa zaka 12 kuti izionetsa magemu, ndipo mgwirizano watsopano woyamba 2026 ndi wa madola 11 biliyoni pa zaka 12 zina. Ku America kuli ESPN ndi TNT kuyambira 2021. Munthu amene wapereka ndalama zotere akanena kuti akufuna Leafs Loweruka usiku, amapatsidwa. Ndandanda imayamba ndi bwalo, kenako kanema, kenako zofuna za eni matimu, amene aliyense akulimbirana Lachisanu ndi Loweruka chifukwa hockey imadalira kwambiri ndalama za pakhomo. Kupuma kwa wosewera kumabwera zonsezi zitakhuta.

Tsabola_wa_Kambuzi
Ankolo, pamenepo mwaonjeza pang'ono. Osewera ali ndi bungwe lawo, NHLPA, ndipo si lofooka. N'chifukwa chake kulibe magemu pa 24 ndi 25 Disembala, pamene a basketball amasewera tsiku la Khirisimasi lenilenilo. Komanso simudzaona timu ya NHL ikusewera masiku atatu otsatizana.

AnkoloJo
Sindinati n'lofooka mwana wanga. Ndinalipo mu 2004 pamene eni matimu anatseka zitseko, sizoni yonse ya 2004-05 inafa, chikho cha ligi cha Stanley Cup osaperekedwa koyamba chichokereni 1919. Anakanganiranji? Osati maulendo, osati kutopa. Anakanganira malire a malipiro. Eni anapambana, malire anayamba pa madola 39 miliyoni timu iliyonse, mu 2025-26 anafika 95.5 miliyoni. Mu 2012 anatsekanso, sizoni inangokhala ya magemu 48, mapeto ake anagwirizana zogawana ndalama pakati ndi pakati. Tsono mvetsetsani apa: popeza osewera amatenga theka la ndalama zolowa, gemu iliyonse yoonjezera ndi ndalama m'thumba mwawonso. Ndani wa iwo adzaimirire kunena kuti tichepetse magemu afike 70, malipiro athu atsike? Onse awiri, mwini ndi wosewera, amadya mbale imodzi.

Kabwazi_wa_Calgary
Umboni wa zimene akunena ankolo ulipo kale. Mgwirizano watsopano umene anavomereza mu 2025 ukukweza magemu kufika 84 kuyambira sizoni ya 2026-27. Posinthanitsa, magemu okonzekera sizoni achepetsedwa. Ubwino wake ndi wakuti magemu awiri oonjezerawo ndi a m'gulu lanu, ndiye aliyense wa anansi asanu ndi awiri muzikumana naye kanayi. Pa ndandanda wa magemu 82 uja awiri mwa iwo mumakumana nawo katatu kokha, moti zimatheka Calgary ndi Edmonton, adani enieni a chigawo chimodzi cha Alberta, kukumana katatu chaka chonse. Zimenezo zinkandinyansa kwambiri kuposa za ndege.

Mphepo_ya_Winnipeg
Ndiye ndabwera kudzadandaula za 82, mukundiuza kuti kukubwera 84.

NaBanda_YEG
Ndi momwemo achimwene. Komanso sizoni inoyi ya 2025-26 yapanikizika mwapadera chifukwa cha Olympics ya ku Milan mu Febuluwale 2026. Ligi iima masabata oposa awiri, koma magemu akadali 82, ndiye masiku otayikawo awabweza pothinitsa miyezi inayi. Ndipo amene anakakamira zopita ku Olympics ndi osewera eni ake. Anapita kuyambira Nagano 1998 mpaka Sochi 2014, koma 2018 ndi 2022 sanapite. McDavid, MacKinnon, Matthews, akatswiri onsewa anali asanalaweko Olympics 2026 isanafike. Eni matimu safuna, chifukwa amatseka mabwalo pakati pa sizoni, wosewera akavulala kumeneko otaya ndi iwo. Ine pa ichi ndili mbali ya osewera. Amene anaonera Canada ndi America mu mpikisano wa mayiko anayi wa 4 Nations mu Febuluwale 2025, McDavid akumwetsa chigoli cha nthawi yoonjezera ku Boston, sangandiuze kuti kuthinana kwa Januwale n'kosapindulitsa.

Dzuwa_la_Salima
Ndikuphunzira zambiri. Nanga timu yothera kumunsi imapita kuti? Kwathu kuno atatu a kumunsi amatuluka mu Super League, ena n'kulowa kuchokera m'munsi.

Tsabola_wa_Kambuzi
Sipita kulikonse. Imapatsidwa mwayi waukulu pa maere osankha anyamata atsopano aluso.

Dzuwa_la_Salima
Iii, wolephera ndiye alandire mphoto?

Kabwazi_wa_Calgary
Zimadabwitsa tonse tikamafika kumene. Ligi za kuno si chitaganya cha boma kapena bungwe loyang'anira masewero m'dziko ngati mmene zilili FAM ndi SULOM kwathu. NHL ndi kalabu ya eni matimu 32. Iwo ndi amene amakhala mu Board of Governors, komiti yolamulira ligi, iwo ndi amene analemba ntchito Gary Bettman, amene anayamba mu 1993, ndipo iwo okha ndi amene angamuchotse. Kulowa mu ligi sikudzera kupambana m'bwalo, kumadzera kugula malo. Vegas inalipira madola 500 miliyoni n'kuyamba kusewera mu 2017, Seattle inalipira 650 miliyoni n'kuyamba mu 2021. Ndalama zimenezo amagawana eni okhaokha, osewera salandirapo kanthu. Munthu amene walipira zotere sangavomere kuti chaka chamawa atsitsidwe. Ndiye m'malo motsitsa wofooka amamukweza: amamupatsa anyamata abwino, amaletsa olemera kugula osewera onse, matimu olemera amathandizanso osauka ndi gawo la ndalama. Choipa chake, timu ikaona kuti chaka chatha kale imagulitsa akuluakulu ake mu Malichi n'kumangogonja, ndipo palibe chilango.

Dzuwa_la_Salima
Pa maulendo pokha ndiye tikufanana. Timu ya ku Blantyre kukasewera ku Karonga ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo taonapo matimu akusewera Loweruka ndi Lamlungu ulendo umodzi pofuna kupulumutsa ndalama za mafuta ndi malo ogona. Bola anzathuwo ali pa ndege.

Mlonda_wa_Leeds
Ine kutsika ndi kukwera ndimakukonda. Kuno ku England timu ya nambala 17 imamenya nkhondo mpaka tsiku lomaliza. Ku NHL gemu ya matimu awiri a kumunsi mu Malichi, masapota ena amapempherera kuti timu yawo igonje. Zimenezo si masewero.

NaBanda_YEG
Koma kwanuko chikho chimazungulira matimu angati? Kuno St. Louis inali kumunsi kwa ligi yonse kumayambiriro kwa Januwale 2019, mu Juni n'kutenga Stanley Cup. Vegas inafika fainolo chaka chake choyamba. Winnipeg, mzinda waung'ono, singayerekeze kupikisana ndi Toronto kapena New York popanda malire a malipiro.

AnkoloJo
Popeza mwatchula Winnipeg, mwana wanga woyambitsa nkhaniwe, kodi ukudziwa zimene timu yako inaona itangobwerera? Jets yoyamba inachoka mu 1996 kupita ku Phoenix. Mu 2011 Atlanta Thrashers inagulidwa n'kusamukira ku Winnipeg, koma ligi inaisiya m'gulu la Southeast masizoni awiri. Anansi ake anali Florida, Tampa Bay, Carolina ndi Washington. Ligi inakonza zosintha magulu, bungwe la osewera linakana kuvomereza mu Januwale 2012, zinthu zinadzasintha mu 2013. Ndi nthawi yomweyo imene Detroit ndi Columbus anasamukira kum'mawa, atadandaula zaka zambiri kuti magemu awo ambiri koyenda amayamba masapota awo atagona. Ndiye kudandaula kumathandiza, koma amamvedwa ndi mwini timu m'chipinda cha msonkhano, osati iwe ndi ine.

Mphepo_ya_Winnipeg
Za Southeast ndinazimvapo ankolo, anzanga a kuntchito amazikambabe. Koma chimandipweteka china ndi ichi: timu ya Arizona, Jets yakale ya ku Phoenix ija, anaisunga zaka zonse zija, mpaka kumasewera m'bwalo la sukulu ya ukachenjede losakwana anthu 5,000, isanasamukire ku Utah mu 2024. Pamene Quebec City inamanga bwalo lalikulu mu 2015, anthu ake amakonda hockey ndi mtima wonse, mpaka lero ilibe timu chichokereni timu yawo ya Nordiques mu 1995.

Tsabola_wa_Kambuzi
Chifukwa wa ku Quebec akuonera kale hockey ngakhale alibe timu. Eni akufuna munthu watsopano amene sanagulepo tikiti. Komanso timu ya ku Canada imatolera ndalama za ku Canada koma osewera imawalipira madola a ku America.

Nachisale_Ottawa
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Abambo inu mukukamba ngati ligi ya hockey ndi imodzi. Ligi ya amayi, PWHL, inayamba mu Januwale 2024 ndi matimu asanu ndi limodzi, mu 2025 anaonjezera Vancouver ndi Seattle. Kumeneko matimu onse ali ndi mwini mmodzi, ndiye palibe kukokanakokana kwa eni 32. Ndipo anakonza chinthu chimene NHL ikukana kukonza: mapointi. Kupambana mu mphindi 60 ndi mapointi atatu, kupambana nthawi yoonjezera awiri, kugonja nthawi yoonjezera imodzi. Ku NHL wopambana amatenga awiri nthawi iliyonse, wogonja nthawi yoonjezera imodzi, ndiye gemu ina imabala mapointi awiri, ina atatu. Taonani mphindi zisanu zomaliza zigoli zikakhala zofanana, makamaka matimu a zigawo zosiyana: onse amabwerera kumbuyo kudikira pointi yawo. Timu yotopa ya gemu yachiwiri ija imasewerera pointi imeneyo kuyambira pachiyambi.

Kabwazi_wa_Calgary
Zoona mayi. Koma eni amaikonda pointi imeneyo chifukwa imachititsa kuti matimu azioneka oyandikana pa tebulo mpaka Malichi, anthu n'kumagulabe matikiti poganiza kuti mwayi ulipo.

Nachisale_Ottawa
Ndiye tibwerere ku funso la achimwene. Ine sindikupempha kuti mtunda ufupike. Ndikupempha chimodzi chotheka: ngati timu ikusewera usiku wachiwiri wotsatizana, mdani wakenso akhale kuti anasewera dzulo. Zikakanika, chiwerengero cha magemu a wotopa ndi wopuma chikhale chofanana kwa matimu onse pakutha pa sizoni.

NaBanda_YEG
Njira ina tinaiona mu 2021, nthawi ya Covid. Malire a mayiko atatsekedwa, matimu asanu ndi awiri a ku Canada anaikidwa gulu limodzi, sizoni ya magemu 56, ndipo timu inkafika mzinda umodzi n'kusewera kawiri kapena katatu isananyamuke. Ndege zinachepa, osewera ankagona hotela imodzi masiku angapo, ndipo mkwiyo wa gemu yoyamba unkapitirira gemu yachiwiri. Ine ndinkasangalala nazo.

Tsabola_wa_Kambuzi
Munalibe anthu m'mabwalo nthawi imeneyo achemwali. Yesani kugulitsa matikiti a timu yomweyomweyo Lachiwiri ndi Lachinayi, muone ngati bwalo lidzadze kawiri. Ndipo pofika gemu ya chisanu ndi chinayi ndi Ottawa tonse tinali titatopa nazo.

NaBanda_YEG
Sindikunena kasanu ndi kanayi. Ndikunena a m'gulu lanu, amene muzipita kwawo kawiri pachaka. Edmonton ikapita ku Los Angeles isewere magemu ake awiri ulendo umodzi, basi. Ulendo umodzi wa ndege wachoka pamenepo.

Mphepo_ya_Winnipeg
Imeneyo ndaigwirizana nayo, pamodzi ndi ya mayi a ku Ottawa. Ife kupita ku Dallas kapena ku Nashville kamodzi m'malo mwa kawiri kungasinthe zambiri.

AnkoloJo
Ikhoza kutheka ngati bungwe la osewera litaiika patebulo, koma mgwirizano watsopanowu ukufika mpaka 2030. Komanso kumbukirani kuti bwalo la ku Dallas amagawana ndi Mavericks, ndiye masiku awiri oyandikana opanda basketball kapena woimba sapezeka wamba.

Mlonda_wa_Leeds
Pakadali pano ndani akudziwa nthawi ya magemu a Olympics? Milan ndi ola limodzi lokha kuchokera kuno, kwa a ku Malawi ola limodzinso mbali inayo. Achimwene a ku Salima, imeneyo ndiye nthawi yoti muyambe kuonera, muli maso masana.

Dzuwa_la_Salima
Ndidzayesa, magetsi akadzalola. Wina adzandiuze timu yoti ndichemerere.

NaBanda_YEG
Canada, ndipo muzidzayang'ana McDavid.